Diski ya seva yadzaza, koma du sikupeza chimene chadya malo

WakuLuchenza:

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ku ofesi ya kalabu ya alimi a tiyi kuno ku Thyolo tili ndi seva imodzi yosunga makilo a masamba amene mlimi aliyense wagulitsa. Ili ndi Ubuntu Server 22.04, MySQL 8.0, Apache ndi PHP, zonse pa diski imodzi ya 500GB. Usiku uliwonse 1 koloko cron, pulogalamu yoyendetsa ntchito pa nthawi yoikika, imapanga backup ya pafupifupi 4G n'kuiika pa diski ya USB imene imakhala pa /mnt/backup.

Kuyambira m'mawa makalaliki akulephera kulowetsa makilo. Akadina posunga, tsamba limangozungulira. Mu error.log ya MySQL mizere yomaliza ikunena za errno 28, No space left on device. `df -h`, komandi yoonetsa malo a pa diski, ikuonetsa izi:

```
/dev/mapper/ubuntu--vg-ubuntu--lv   98G   93G     0  100%  /
/dev/sda2                          2.0G  252M  1.6G   14%  /boot
/dev/sdb1                          916G  310G  560G   36%  /mnt/backup
```

Koma `sudo du -xsh /`, komandi yowerengera kukula kwa mafailo, ikupeza 52G yokha. Mwa izi, /var/lib/mysql yatenga 27G, /var/log yatenga 13G. Failo ya /var/log/syslog inali 9G, ndaifufuta ndi rm, koma malo sanabwerere ngakhale pang'ono. Nanga 41G yotsalayo ili kuti? Komanso bwanji partition ya / ili 98G pamene diski ndi ya 500GB? Lachisanu alimi akulandira ndalama, ndiye makilo onse akuyenera kukhala atalowa pofika Lachinayi madzulo.

Chitakale_root:

Achimwene, musanachite china chilichonse: musazimitse seva, musaphe MySQL ndi kill -9, ndipo musafufute kanthu ndi dzanja mu /var/lib/mysql. MySQL ikapeza kuti diski yadzaza ili mkati molemba, nthawi zambiri imaima n'kumadikira, n'kumayesanso mphindi iliyonse. Mukangoipezera malo imapitiriza pamene inalekera. N'chifukwa chake tsamba likuzungulira osafa.

Za 98G, 93G ndi 0 poyamba. Palibe cholakwika pamenepo. Pa ext4, magawo 5 mwa 100 amasungidwira root yekha, ndipo pa partition yanuyo ndi pafupifupi 5G. MySQL imayenda ngati mysql, Apache ngati www-data, rsyslog, yolemba ma log, ngati syslog, ndiye kwa onsewa diski yatha. Inu mukalowa ndi sudo mukutha kulembabe chifukwa mukudya nkhokwe ya root ija. Nkhokweyo ndi imene ikupatsani mpata wokonzera vutoli, choncho musaiwononge poika mapulogalamu atsopano panopa.

Za syslog. Komandi ya rm imachotsa dzina la failo mu foda, koma ngati pali pulogalamu imene inatsegula failoyo ndipo sinaitseke, kernel simasula malowo. Dzina lapita, mtolo ulipobe, ndipo rsyslogd ikupitiriza kulembamo. du imawerenga zimene zili ndi maina, df imafunsa filesystem kuti malo ogwiritsidwa ndi angati. Apa ndi pamene ziwirizi zimasiyanira. Onani ndi:

```
sudo lsof +L1
```

Mupeza mzere wa rsyslogd wokhala ndi /var/log/syslog ndi mawu akuti deleted kumapeto. Lembani nambala ya PID (ya pulogalamuyo) ndi ya FD (ya failo imene yatsegula), osatenga chilembo chakumapeto kwa FD. Musathamangire kuyambitsanso rsyslog, chifukwa mukatero umboni wa chimene chadzaza failoyo upita nawo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Werengani kaye zam'katimo, mwachitsanzo ngati PID ndi 812 ndipo FD ndi 7w:

```
sudo tail -n 40 /proc/812/fd/7
```

Syslog ya seva yaing'ono siyenera kufika 9G. Pali mzere umodzi umene ukubwerezedwa kambirimbiri, ndipo ndi umene tikufuna. Mukaukopera penapake, chitani `sudo systemctl restart rsyslog`, 9G ija ibwerera nthawi yomweyo.

Ulendo wina failo ya log ikakula, musaichite rm. Ikhuthuleni ili pomwepo:

```
sudo truncate -s 0 /var/log/kern.log
```

Ndatchula kern.log dala. Ngati phokosolo likuchokera ku kernel, Ubuntu imalemba mizere yomweyo kawiri, mu syslog ndi mu kern.log, ndiye pa 13G ya /var/log ija ndikukayikira kuti yambiri ili mmenemo. Yotsalayo ndi ya journald, pulogalamu inanso yosunga ma log, imene mwachibadwa imaloledwa kutenga magawo 10 mwa 100 a partition koma osapitirira 4G. Ichepetseni:

```
journalctl --disk-usage
sudo journalctl --vacuum-size=300M
sudo apt clean
```

Chitaninso `df -i /`. Nthawi zina malo amakhalapo koma ma inode, mmene filesystem imalembamo mbiri ya failo iliyonse, atha chifukwa cha timafailo ting'onoting'ono mamiliyoni, monga ta mu /var/lib/php/sessions, ndipo uthenga wake ndi womwewo wa No space left on device. Kwa inu sindikuganiza kuti ndi zimenezo poti df -h yanena kale kuti malo atha, koma kuyang'ana sikutenga ndi sekondi yomwe.

Sapitwa3002:

Zimene anena a Chitakale n'zoona zonse, koma tiyeni tiwerengetsere. 93 kuchotsa 52 kutsala 41. Kuchotsanso 9 ya syslog kutsala 32. Backup yanu mwati ndi 4G usiku uliwonse. 32 kugawa ndi 4 ndi masiku 8.

Achimwene a ku Luchenza, ndifunse: diski ya USB ija inalembedwa mu /etc/fstab, failo ya madiski omauntidwa okha seva ikamayaka, kapena munthu amaimaunta ndi dzanja? Ndipo m'masabata awiri kapena atatu apitawa, seva inazimapo chifukwa cha magetsi? Nyengo ino ya mvula ndi ziphaliwali zimenezi sizisowa kuno. Onani ndi `last -x reboot shutdown | head`.

Chimene chimachitika n'chotere. /mnt/backup ndi foda wamba imene ili pa partition ya /. Diski ya USB ikamauntidwa pamenepo, imavundikira fodayo ngati chivindikiro pa mphika. Seva ikayaka diskiyo isanamauntidwe, fodayo imakhalapobe, yopanda kanthu, ndipo script ya backup siidziwa kusiyana kwake. Imangolemba, ndipo zonse zimagwera pa /. Tsiku lina munthu akazindikira n'kumaunta diskiyo, mafailo aja amatsala pansi pa chivindikiro. du singawaone, ls singawaone, lsof nayo ayi, koma malo akudyabe.

Kuti muone pansi pake simukusowa kuchotsa diski ya USB. Mauntani / kachiwiri pamalo ena:

```
sudo mkdir /run/muzu
sudo mount --bind / /run/muzu
sudo du -sh /run/muzu/mnt/backup
sudo ls -lh /run/muzu/mnt/backup
```

Ndasankha /run chifukwa ili mu RAM, siifuna malo pa diski yodzazayo. Bind ya mtundu umenewu siitenga zinthu zina zomauntidwa pamwamba pa /, ndiye chimene muone mu /run/muzu/mnt/backup ndi foda yeniyeni yapansi ija.

Chenjezo lalikulu: /run/muzu ndi seva yanu yomweyo, si kope. Mukalemba rm -rf /run/muzu mwafufuta seva yonse. Mukamaliza ntchito chitani `sudo umount /run/muzu` kenako `sudo rmdir /run/muzu`. Gwiritsani rmdir, chifukwa iyo imakana ngati m'kati muli kanthu.

WakuLuchenza:

Zikomo kwambiri nonse. Nazi zimene zapezeka. lsof yaonetsa rsyslogd itagwira syslog. Mizere yobwerezedwa ikuyamba ndi pcieport, kenako PCIe Bus Error: severity=Corrected, ndipo mu kern.log mulinso yomweyo, 9G. Nditayambitsanso rsyslog, kukhuthula kern.log ndi kuchepetsa journal, df yatsika kufika 72G ndipo MySQL yayamba kulandira makilo yokha. Ma inode ali pa 4%.

Achemwali a Sapitwa mwalasa. Diskiyo mulibe mu fstab. Pansi pa /mnt/backup muli mafailo 8 a tar.gz, onse pamodzi 32G, ndipo masiku ake akuyambira usiku wotsatira tsiku limene last ikuonetsa kuti seva inayaka popanda shutdown. Ndiwafufute? Mu /var/lib/mysql mulinso mafailo ambiri a binlog.0000 ndi manambala, okwana 19G.

Sapitwa3002:

Musawafufute, asamutseni. Pa diski ya USB palibe backup ya masiku 8 amenewo, ndiye mafailowa ndi okhawo amene ali ndi makilo monga analili masiku amenewo. Mlimi akadzadandaula kuti makilo ake a tsiku lakuti anasinthidwa, mudzawafuna.

```
sudo mkdir /mnt/backup/zapansi
sudo rsync -av /run/muzu/mnt/backup/ /mnt/backup/zapansi/
cd /mnt/backup/zapansi
for f in *.tar.gz; do gzip -t "$f" && echo "$f ili bwino"; done
```

gzip -t imawerenga failo yonse n'kunena ngati inadukira panjira. Yesaninso ma backup a masiku awiri kapena atatu apitawa amene ali pa diski ya USB. Ngati script imayamba yalemba dump ya database mu /tmp isanaimange mu tar, ndipo / inali itadzaza, dump ingakhale yoduka pamene tar.gz yake ili yabwinobwino. Dump yathunthu ya mysqldump imatha ndi mzere woyamba ndi `-- Dump completed`. Masulani imodzi muone mzere wake womaliza ndi tail -n 1. Ngati mzerewo palibe, pangani backup ina lero lomwe, musadikire 1 koloko.

Zonse zikatsimikizika, fufutani zapansizo, koma werengani njirayo kawiri musanadine Enter:

```
sudo rm /run/muzu/mnt/backup/*.tar.gz
```

Tsopano kutseka mpata kuti zisadzachitikenso. Pali zinthu zitatu, ndipo ndikupempha muchite zonse, chifukwa chilichonse chimagwira pamene chinzake chalephera.

Bind ija musanaichotse, khomani foda yapansiyo:

```
sudo chattr +i /run/muzu/mnt/backup
```

Foda yokhala ndi +i siilola aliyense kulembamo, ngakhale root. Kumaunta diski pamwamba pake kumathekabe. Ndiye tsiku limene diski ya USB palibe, script idzalephera ndi Operation not permitted m'malo modzaza / mwakachetechete.

Kenako fstab. Tengani UUID ndi `sudo blkid /dev/sdb1`. Musalembe /dev/sdb1 mu fstab, chifukwa dzinali limasintha wina akangolowetsa flash seva isanayake. Mzere wake:

```
UUID=nambala-yanu  /mnt/backup  ext4  defaults,nofail,x-systemd.device-timeout=30  0  2
```

Mawu akuti nofail musawaiwale. Popanda iwo, diski ikasowa poyaka, seva imaima pa emergency mode kudikira munthu wokhala ndi kiyibodi, ndipo SSH siyaka. Yesani mzerewo ndi `sudo findmnt --verify`, kenako `sudo systemctl daemon-reload`, `sudo umount /mnt/backup` ndi `sudo mount -a`. Ngati umount ikukana kuti target is busy, mudakali m'kati mwa fodayo. Tulukani ndi cd /.

Chachitatu, pamwamba pa script ya backup ikani:

```
if ! mountpoint -q /mnt/backup; then
  logger -p user.err "backup yalephera: diski ya USB palibe"
  exit 1
fi
```

Koma dziwani kuti mukatere vuto lasanduka lina: / sidzadzaza, koma backup ikhoza kusowa kwa masabata popanda wodziwa. Pakhale munthu amene m'mawa uliwonse amaona tsiku la failo yatsopano ndi `ls -lt /mnt/backup | head -3`, kapena script izitumiza imelo ikalephera.

Bvumbwe_sudo:

Moni akuluakulu. Ine ndigwire zitatu zimene zatsala: binlog, kukula kwa partition, ndi phokoso la PCIe lija, limene kwa ine ndi loopsa kuposa zinazo chifukwa silinathe.

Ma binlog ndi kaundula wa kusintha kulikonse kumene kwachitika mu database. Pa MySQL 8.0 amakhala oyatsa mwachibadwa, ndipo amasungidwa masiku 30, amene ndi masekondi 2592000 pa binlog_expire_logs_seconds. Failo iliyonse ikafika pa malire ake, ina imayamba. MySQL imasunga mndandanda wawo mu binlog.index, ndiye mukawafufuta ndi rm mndandandawo umasemphana ndi zimene zili pa diski, ndipo mavuto amadzaonekera poyambitsanso kapena pofufuta ena. Ifufute yokha. Lowani ndi `sudo mysql`:

```
SHOW BINARY LOGS;
PURGE BINARY LOGS BEFORE NOW() - INTERVAL 7 DAY;
SET PERSIST binlog_expire_logs_seconds = 604800;
```

604800 ndi masiku 7, ndipo SET PERSIST imapangitsa kuti zikhale choncho ngakhale seva itazima. Chitani zimenezi pokhapokha mutatsimikiza backup monga anenera achemwali a Sapitwa. Ena angakuuzeni kuti muzimitsiretu binlog poti mulibe seva yachiwiri yokopera. Ine sindikuvomereza. Backup yanu ndi ya 1 koloko usiku. Kalaliki akafufuta molakwitsa makilo 3 koloko masana, binlog ndi yokhayo imene ingabweze ntchito ya tsiku limenelo kudzera pa mysqlbinlog. Pa nkhani yokhudza ndalama za alimi, magigabaiti 4 kapena 5 si mtengo waukulu. Mafailo a ibdata1, undo_001, undo_002 ndi foda ya #innodb_redo musawakhudze n'komwe, ngakhale aoneke aakulu bwanji.

Za 500GB. Poika Ubuntu Server, mukasankha LVM, njira yogawira diski m'zigawo zotha kukulitsidwa, n'kungovomereza zimene yakupatsani, pa diski yaikulu chonchi imapatsa / 100G yokha, zotsalazo n'kuzisiya mu volume group osagwiritsidwa ntchito. `sudo vgs` ikuonetsani. Pansi pa VFree muyembekezere kuona choposa 360G. Kuwonjezera kumatheka seva ikuyenda:

```
sudo lvextend -r -L +50G /dev/ubuntu-vg/ubuntu-lv
```

-r imakulitsanso filesystem nthawi yomweyo. Mukaiiwala, lvs idzaonetsa kukula kwatsopano koma df idzakhala pomwepo mpaka mutachita resize2fs. Pa intaneti mupeza ambiri akulemba -l +100%FREE. Musatsatire. Kukulitsa ext4 n'kosavuta, koma kuichepetsa kumafuna kuti ikhale yosamauntidwa, kutanthauza kuti pa / muyenera kuyatsa seva ndi flash. Komanso malo osagawidwa ndi amene amakupulumutsani tsiku ngati la lero, ndipo ndi amene snapshot ya LVM imafuna.

Chitakale_root:

A Bvumbwe, pa binlog ndi pa +100%FREE tili limodzi. Koma ngakhale 50G imeneyo ine sindingaiwonjeze pa /. Akachotsa 32G ndi ma binlog akale, seva itsala pa 25G kapena 27G mwa 98G. Malo si ochepa. Chimene chavuta n'chakuti log, backup ndi database zikudyera m'mbale imodzi, ndiye wadyera mmodzi akumaliza chakudya cha onse. Malo otsalawo apatsidwe database payokha. Ntchitoyi ichitike Loweruka, malipiro atadutsa:

```
sudo lvcreate -L 80G -n mysql ubuntu-vg
sudo mkfs.ext4 /dev/ubuntu-vg/mysql
sudo systemctl stop mysql
sudo mkdir /run/yatsopano
sudo mount /dev/ubuntu-vg/mysql /run/yatsopano
sudo rsync -aHAX /var/lib/mysql/ /run/yatsopano/
sudo umount /run/yatsopano
sudo mv /var/lib/mysql /var/lib/mysql.yakale
sudo mkdir /var/lib/mysql
```

Kenako mzere wake mu fstab wolozera pa /var/lib/mysql, ulendo uno popanda nofail, `sudo mount -a`, `sudo chown mysql:mysql /var/lib/mysql`, n'kuyatsa MySQL. Poti njira ya foda sinasinthe, AppArmor, imene imaletsa pulogalamu kugwira mafoda osaloledwa, sidandaula ndipo datadir simukuikhudza. Foda ya mysql.yakale ikhale sabata yathunthu musanaifufute.

Bvumbwe_sudo:

Ndavomera, njira imeneyo ndi yabwino kuposa yanga. Ndimalize za PCIe.

Mwakhuthula ma log, koma kernel ikulembabe. Onani liwiro lake: `ls -l /var/log/kern.log`, dikirani mphindi 10, onaninso. Severity=Corrected ikutanthauza kuti chipangizo china pa PCIe, njira imene makhadi amalumikizirana ndi makina, chikulakwitsa potumiza deta ndipo makina akukonza okha. Deta siikuwonongeka, koma mizere yake imatha kufika mazana pa sekondi. Mu mizereyo muli nambala yooneka ngati 0000:00:1c.0 kapena 0000:02:00.0. Ifananizeni ndi `lspci` ndi `lspci -t` kuti mudziwe chipangizo chake. Kawirikawiri imakhala khadi ya netiweki, ya Wi-Fi kapena NVMe. Ngati ndi khadi yochotseka, zimitsani seva, zulani chingwe cha magetsi, chotsani khadiyo, pemererani fumbi, ibwezeretseni mpaka ikhale bwinobwino kapena isamutsireni pa slot ina. Chinyezi cha kuno kophatikiza ndi fumbi chimadetsa timano ta khadi. Ngati ndi ya Wi-Fi ndipo simuigwiritsa ntchito, ichotseretuni.

Zikapanda kusiya, mu /etc/default/grub wonjezerani `pcie_aspm=off` pa mzere wa GRUB_CMDLINE_LINUX_DEFAULT, chitani `sudo update-grub`, n'kuyatsanso. Nthawi zambiri gwero lake ndi njira yosungira magetsi ya ASPM imeneyi. `pci=noaer` nayo imaletsa phokosolo, koma imangotseka pakamwa, ndipo mauthenga oopsa enieni simudzawaonanso. Ikhale yomaliza kuyesa.

Podikira Loweruka, ikani malire. Mu /etc/systemd/journald.conf lembani `SystemMaxUse=500M` n'kuchita `sudo systemctl restart systemd-journald`. Mu /etc/logrotate.d/rsyslog, ngati palembedwa weekly sinthani akhale daily, ndipo pakhale compress. Mizere yobwerezabwereza imafinyika kwambiri. Mukhoza kuwonjezera `maxsize 200M`, koma dziwani kuti logrotate imadzuka kamodzi patsiku, ndiye pakati pa maulendo awiriwo failo ingakule mmene ingathere. Mpaka khadiyo itakonzedwa, `df -h /` m'mawa ndi madzulo.

Sapitwa3002:

Kamodzi kokha kowonjezera pa ntchito ya Loweruka. Mukamaliza zonse, chitani umount pa diski ya USB, izuleni, yatsaninso seva, muone ngati yafika polola SSH. Kenako yendetsani script ya backup ndi dzanja diskiyo isanabwerere. Iyenera kukana, `journalctl -p err -n 5` ionetse uthenga wanu wa Chichewa uja, ndipo `sudo touch /mnt/backup/yeso` inene Operation not permitted. Mukaibweza diskiyo, `findmnt /mnt/backup` itsimikize kuti yamauntidwa musanatseke ofesi. Ngati siinabwerere yokha, `sudo mount -a`.